Dzina la Mwala Limayambira Pomwe Unagona

Pa mafunso onse okhudza miyala omwe ana asukulu amandifunsa, lomwe limandivuta kwambiri ndi lomwe limaoneka ngati lophweka. Munthu watola mwala wachilendo kumtsinje kapena m'chigwembe, wauponya m'thumba la yunifomu, wayenda nawo sabata yathunthu, kenako akuutulutsa n'kuti, "Tandiuzeni, ichi n'chiyani?" Ndikamufunsa kuti anautola pati, yankho limakhala lakuti, "Kumtunda uko." Unangogona pamwamba kapena unakanirira m'thanthwe? "Aa, ndaiwala." Panali ina yofanana nawo? "Sindinayang'ane."

Pamenepo theka la yankho lapita kale, ndipo ngakhale pulofesa wa ku yunivesite sangalibweze. N'chifukwa chake ine ndimaumirira mfundo imodzi, ngakhale ena amati ndimachulutsa gaga m'diwa. Mukapita kukasaka zotsalira za zamoyo zakale zomwe zinasanduka mwala, zija mabuku anu a Chingerezi amati fossil, n'kupeza mwala wosadziwika, musathamangire kuupatsa dzina. Yambani mwasunga umboni wa pomwe unagona. Dzina likhoza kudikira mwezi, chaka, ngakhale zaka makumi asanu. Malo ake akasokonekera, asokonekeratu.

Mukukumbukira zija za m'jogalafe, zoti miyala ili m'magulu atatu? Ambiri mumangoziloweza kuti mudutse mayeso, koma kuthengo imeneyo ndiyo sefa yoyamba. Mwala wochokera ku chiphalaphala chotentha chomwe chinazizira, monga wa phiri la Mulanje kapena la Zomba, sungasunge fupa kapena tsamba, chifukwa chamoyo chilichonse chikanapsa n'kutheratu. Mwala womwe unaphikidwa ndi kufinyidwa pansi pa nthaka mpaka kusintha maonekedwe, monga gneiss wamizeremizere yemwe wayala mbali yaikulu ya dziko lathu, nawonso unafafaniza kalekale chilichonse chomwe chinali m'kati mwake. Zotsalira za zamoyo zimakonda gulu lachitatu, miyala yomwe poyamba inali mchenga, matope kapena laimu, n'kumaunjikana pang'onopang'ono pansi pa mtsinje kapena nyanja mpaka kulimba. Ndiye mnzanu akakuuzani kuti wapeza dzino la dinosaur m'thanthwe la pamwamba pa Sapitwa, simufunikanso kuliona dzinolo. Malo okhawo ayankha kale.

Miyala ya gulu lachitatuli kuno kwathu ilipo, koma ili m'zigawozigawo. Ku Chiweta m'boma la Rumphi kuli miyala ya zaka zoposa 250 miliyoni, momwe munapezeka mafupa a nyama zomwe zinakhalako ma dinosaur asanabwere. Malasha a ku Mchenga, chapafupi pomwepo, ndi zomera zakale zomwe zinakwiririka. Ku Karonga, makamaka dera la Mwakasyunguti, kuli miyala ya zaka zoposa 100 miliyoni yomwe inatipatsa Malawisaurus, chinyama cha khosi lalitali chija chomwe mafupa ake opangidwa mofanizira aimikidwa m'nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga. Pamwamba pa miyala imeneyo pagona ina yaing'ono kwambiri pa msinkhu, yotchedwa Chiwondo, momwe muli mafupa a nkhumba zakutchire, mvuu, njovu ndi abale akale a munthu. Taonani tsono: m'boma limodzi lomwelo, fupa lochokera m'miyala ya m'munsi ndi lochokera m'miyala ya pamwamba pake angathe kusiyana ndi zaka 100 miliyoni. Mukawaponya m'jumbo limodzi, mwasakaniza nthawi ziwiri zomwe sizinaonanepo.

Tiyeni titenge mwala umodzi womwe umapusitsa anthu padziko lonse. Ndi wobulungira, kukula ngati lalanje kapena papaya, wotuwa kapena wofiirira, ndipo pamwamba pake pali ming'alu yodzadza ndi timizere toyera, yogawikana ngati msana wa kamba. Aliyense akauona mtima umagunda: dzira la dinosaur! Wina ati ayi, ameneyu ndi kamba wosanduka mwala. Nthawi zambiri onse awiri alemba m'madzi. Umenewu ndi concretion, ndipo wa ming'alu yoteroyo amautcha septarian. Unapangika matope akadali ofewa. Madzi oyenda m'matopemo ananyamula mchere wa laimu kapena wa chitsulo, mcherewo n'kuyamba kumatirira mozungulira kanthu kena kakang'ono, kaya kachigoba, kaya kachidutswa ka tsamba, monga mmene simenti imagwirira mchenga. Chibumacho chinakula mbali zonse, n'chifukwa chake n'chobulungira. Pambuyo pake chinang'ambikang'ambika m'kati, ndipo ming'aluyo inadzadza ndi mchere woyera wotchedwa calcite.

Dzira lenileni lili ndi chigoba. Mazira a ma dinosaur a banja limodzi ndi Malawisaurus anapezeka ambirimbiri ku Auca Mahuevo m'dziko la Argentina mu 1997. Kukula kwake ndi pafupifupi masentimita 15, ndipo chigoba chake n'chopyapyala, chofanana kuchindikala mbali zonse, cha timatuza ting'onoting'ono pamwamba ndi timabowo topumira mwana wa m'kati. Komanso mazira ambiri akale amapezeka ataphwanyika kapena ataphwatalala, poti dothi lomwe linawakwirira linali lolemera. Mwala wosalala bwino, wolimba kuchokera kunja mpaka pakati, wopanda chigoba chosiyana ndi zam'kati, ukamaoneka ngati dzira kwambiri m'pomwe ine ndimaukayikira kwambiri. Ndipo apa nkhani ya malo ija yabweranso. Mukayang'ana m'khoma la chigwembe n'kuona miyala yobulungira yotere khumi kapena makumi awiri itandandalika mumzere umodzi wa thanthwe, ina ngati ndimu, ina ngati dzungu, ina iwiri yomatana ngati mtedza m'chikhokho, mwadziwa kuti si chisa. Nkhuku imodzi siikira mazira osiyana kukula chonchi. Koma umboni umenewu uli m'khomamo. M'thumba mwanu mulibe.

Chinanso chopusitsa ndi tizithunzi takuda tooneka ngati mizu kapena nthambi za kamtengo, tojambulika pamwala wophwatalala. Amati dendrite. Si chomera ayi, ndi manganese yemwe analowa ndi madzi mumng'alu n'kuuma motambasuka. Tsamba lenileni limakhala ndi m'mphepete mooneka bwino ndi msempha wapakati, ndipo limagona motsatira mizere ya thanthwe. Dendrite amangotsata mng'alu kulikonse komwe walowera, ngakhale m'mwala womwe sungasunge chamoyo.

Ndikudziwa kuti ena mukuti, "Zonsezi n'zachiyani? Si ndingojambula pafoni, app indiuze basi?" Foni ine sindidana nayo, ndipo kutsogoloku ndikutumani nayo ntchito. Koma kamera imaona mtundu ndi kaumbidwe kokha, ndipo pa zizindikiro zonse za mwala, ziwirizi ndiye zabodza kwambiri. Nsangalabwi yoyera ija mumaika palegeni ndi quartz. Quartz yemweyo amapezekanso wapinki ngati wa ku Mzimba, wapepo, wautsi, woonekera ngati galasi, koma yense ndi chinthu chimodzi, silicon dioxide. App siimva kulemera, siingakande, siidziwa kuti mwaima pa thanthwe lanji. Choipitsitsa n'chakuti imayankha mosakayika. Ikangoti "meteorite," mwana wa munthu amasiya kuyang'ana, n'kuyamba kusaka zokhazo zogwirizana ndi dzinalo. Zotsutsana nazo sazionanso ngakhale zili pamphuno pake.

Zoyesera zenizeni zili m'nyumba mwanu momwemo, ndipo zambiri n'zaulere. Apa ndikunena za mwala wamba womwe wagona pawokha, osati chinthu chomwe mukuchiganizira kuti ndi fupa. Kandani pakona ndi chikhadabo, kenako ndi msomali kapena mpeni, kenako yesani ngati mwalawo ungakande botolo. Mu 1812 Friedrich Mohs anandandalika miyala khumi kuyambira wofewetsetsa, talc, pa 1, mpaka dayamondi pa 10, ndipo mndandanda umenewo ukugwirabe ntchito lero. Chikhadabo chili cha pa 2.5, calcite pa 3, galasi ndi mpeni cha pa 5.5, quartz pa 7. Ndiye timizere toyera ta mwala wathu uja tikakandika ndi mpeni koma n'kukana chikhadabo, quartz watuluka mumpikisano. Donthezani viniga pa kaufa komwe mwakandako. Mukaona tithovu, ndi calcium carbonate akutulutsa carbon dioxide, zomwe zija munalemba m'kope la kemisitire mukuwodzera. Khwekhwezaninso mwala kunsi kwa kapu yadothi, pomwe sipanapakidwe zonyezimira. Hematite amasiya mzere wofiira ngakhale iyeyo ataoneka wakuda, magnetite amasiya wakuda, ndipo pyrite, uja wapusitsa anthu ambiri kuti ndi golide, amasiya wakuda mobiriwira pomwe golide weniweni amasiya wachikasu.

Chomwe ndimachikonda kwambiri ndi kulemera, chifukwa apa fizikisi uja mumati n'ngotopetsa amasanduka chida. Ikani mwala pasikelo ya mulabu, muumize m'madzi a mu measuring cylinder, muone kuti madzi akwera bwanji, ndiye mugawe. Mwala wa magalamu 130 ukakweza madzi ndi mamililita 50, yankho ndi 2.6, ndipo miyala wamba yambiri ili chapomwepo. Quartz ndi 2.65. Mukapeza 3.4 khalani tsonga. Mukapeza pafupi ndi 8, mwagwira chitsulo.

Nambala zimenezi zimafunika kwambiri pa mwala wakuda, wolemera, wokoka maginito, womwe aliyense amalakalaka utakhala wogwa kuchokera kumwamba. Si maloto chabe ayi, miyala yotere inagwapo kuno. Wina unagwa ku Zomba mu 1899, ndipo wa ku Machinga, womwe unagwa mu Januwale 1981, unkalemera makilogalamu oposa 90. Koma meteorite amakhala ndi kachikopa kakuda kopyapyala komwe kanasungunuka podutsa mumlengalenga, ndipo m'kati mwake simukhala mabowo a mpweya. Wanuwo ukakhala wamabowomabowo ngati chisa cha chiswe, kwina konyezimira ngati galasi, kwina kooneka ngati phala lomwe linauma likuyenda, mwina mwatola zotsalira za m'ng'anjo, zomwe makolo athu ankataya akamasungunula chitsulo chosulira makasu ndi mikondo. Ena amagwa nkhope akamva zimenezi. Ine sindimvetsa chifukwa chake. Munthu wapeza pomwe anthu ankayenga chitsulo kalekale, ngati ng'anjo ija yasungidwa ku Kasungu National Park, ndiye akudandaula kuti chinthucho sichinagwe kumwamba? Koma onaninso apa. Chidutswa chimodzi m'thumba n'chinyatsi chabe. Mulu wake uli pamalo pake, pambali pa zidutswa za mipope yadothi youzira mpweya, ukufotokoza mbiri ya mudzi wonse.

Nanga fupa? Njira yabwino yolidziwira ndi kuyamba mwaphunzira fupa la lero. Tsiku lomwe kwanu kwaphikidwa nyama ya ng'ombe, musafulumire kuponyera galu fupa, liyang'aneni pomwe nkhwangwa ya wogulitsa nyama inadula. Kunja n'kolimba, kosalala, kwa timizere ting'onoting'ono toyenda mbali imodzi. M'kati, makamaka cha kumapeto, muli timabowo tolukanalukana ngati siponji kapena buledi. Fupa losanduka mwala limasunga kalukidwe komweko, kungoti timabowoto tadzadza mchere wa m'nthaka, ndipo limalemera kuposa mmene diso likuyembekezera. Simufunika kuliswa kuti muone zimenezi, pakuti mafupa ambiri omwe mvula yavumbulula amakhala ndi mbali yothyoka kale. Mwina munamvapo zoti akatswiri amanyambita miyala, poti fupa limamata palilime. N'zoona, ndipo mu 2023 katswiri wina, Jan Zalasiewicz, analandira mphotho yanthabwala ya Ig Nobel chifukwa chofotokoza chizolowezi chimenechi. Koma inu musatengere. Mafupa akale amatha kuyamwa uranium wa m'madzi a pansi pa nthaka, ndipo m'miyala ina ya ku Karonga komweko uranium alimo. Pajatu mgodi wa Kayelekera uli kumeneko. Nyowetsani chala, mugundepo, basi. Chikamamatirira pang'ono, mwapeza chizindikiro chomwecho.

Ngakhale mutatsimikiza kuti ndi fupa kapena dzino, dzina likadali kutali. Mafupa a Malawisaurus anafotokozedwa koyamba mu 1928 ndi Sidney Haughton, yemwe anawatcha Gigantosaurus dixeyi. Dzina lomwe tikulidziwa leroli linabwera mu 1993, akatswiri atabwerera kumiyala yomwe ija n'kukumba mafupa ena. Zaka 65 zimenezo. Ku Mwakasyunguti komweko kunapezekanso kang'ona kakang'ono, kosafika ndi mita imodzi yomwe, komwe mano ake akumbuyo ali ndi nsonga zingapo ngati a nyama zoyamwitsa. Dzino limodzi lotoledwa palokha likanatha kusocheretsa ngakhale katswiri. Chomwe chinathetsa nkhani n'chakuti manowo anapezeka ali m'chigaza chake, ndipo chigazacho n'cha mtundu wa ng'ona. Elizabeth Gomani, Mmalawi mnzathu, ndiye anakatcha dzina mu 1997: Malawisuchus mwakasyungutiensis. Taliwerengani mokweza dzinalo. Dziko lilimo, dera lilimo. Mayi yemweyo mu 2005 anatchanso dinosaur wina kuti Karongasaurus. Asayansi akamamata malo pa dzina la nyama chonchi, akudziwa chomwe akuchita.

Nkhani yomwe imandikhutiritsa kwambiri ndi ya nsagwada ya ku Uraha, kumwera kwa tauni ya Karonga. Mu 1991 gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya m'munsi ya munthu wakale, yomwe inalembedwa kuti UR 501, UR kuimira Uraha. Akatswiri amaiika m'gulu la Homo rudolfensis, ndipo amati ili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, kutanthauza kuti ndi imodzi mwa zotsalira zakale kwambiri za mtundu wathu wa Homo. Tsono zakazo anazidziwa bwanji? Nsagwadayo payokha sinanene. Ananena ndi mafupa a nyama zina za mumzere womwewo wa dothi, makamaka mano a nkhumba zakutchire. Mano a nkhumba anakhala akusintha kaumbidwe m'kupita kwa nthawi, ndipo kumayiko monga Ethiopia ndi Kenya mano ofanana nawo amapezeka pakati pa mizere ya phulusa la mapiri ophulika, lomwe zaka zake zimayezeka mulabu. Choncho dzino la nkhumba, lomwe inu ndi ine tikanalikankha ndi phazi, ndilo linakhala kalendala ya nsagwada ija. Komanso popeza ankadziwa malo enieni, chaka chotsatira anabwerera, anasefa dothi la pamalopo, n'kupeza kachidutswa ka dzino komwe kanasowa. Tangoganizani nsagwadayo ikanafika ku Lilongwe m'thumba la munthu yemwe waiwala chigwembe chomwe anaitolamo.

Kwa anansi athu a ku Zambia zinayenda mwina. Chigaza chotchuka cha ku Kabwe chinapezeka mu 1921 ndi anthu okumba mgodi wa mtovu ndi zinc, nthawi imeneyo malowo akutchedwa Broken Hill. Chigazacho n'chooneka bwino, pafupifupi chathunthu, ndipo mpaka lero chili ku London. Koma phanga lomwe chinagonamo linakumbidwa n'kutheratu, ndipo zomwe zinali pambali pake sizinalembedwe mwadongosolo. Zotsatira zake, akatswiri anakangana za msinkhu wake kwa zaka pafupifupi 100, mpaka mu 2020 pomwe njira zatsopano zoyezera chigaza chenichenicho zinapereka zaka pafupifupi 300,000. Okumba mgodiwo sindikuwada, iwo ankafuna mtovu. Inu mwamva, mulibe pothawira.

Pali mtsutso umodzi womwe ndimaulemekeza. Wina anganene kuti, "Mukuti ndiusiye pomwepo, nanga mvula ya mawa ikaukokolola? Nanga mbuzi zikauponda, kapena wina akautola n'kukagulitsa?" Ameneyu sakunama. Mvula yomwe imavumbulula mafupa ndi yomweyonso imawaphwanya, ndipo fupa lomwe lakhala bwinobwino pansi kwa zaka 100 miliyoni likhoza kufumbutuka pakangodutsa nyengo zochepa za mvula likaonekera pamtunda. Komanso maofesi ali kutali, ndipo mwana wa sukulu alibe ya thiransipoti. Zonsezi ndikuzivomera. Koma khasu silingathandize. Fupa lokanirira m'thanthwe likhoza kukhala ndi anzake kumbuyo kwake, ndipo likazulidwa ndi manja limayoyoka. Akatswiri amayamba alikulunga ndi nsalu ndi pulasitala, ngati mwendo wothyoka kuchipatala, asanalinyamule. Kuwonjezera apo, lamulo la dziko lino la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zotere: kuzikumba kapena kuzitulutsa kunja popanda chilolezo n'kulakwa, ndipo wozipeza amayenera kudziwitsa boma. Chomwe mungachite inu, lero lomwe, popanda ndi tambala yomwe, n'kupulumutsa nkhani ya mwalawo ngakhale iwo utadzapita ndi madzi.

Apa ndiye foni ija igwire ntchito. Jambulani mwalawo musanaukhudze, pambali pake mutaika ndalama yachitsulo kapena rula kuti kukula kudziwike. Bwererani m'mbuyo mujambule khoma lonse la chigwembe, kenako mubwererenso mujambule pooneka mtengo, phiri kapena mlatho womwe munthu wina angaulondole. Ngati foniyo imasonyeza manambala a malo, alembeni. Ngati foni palibe, kope ndi pensulo n'zokwanira, ndipo kunena zoona wojambula pamanja amaona zambiri kuposa wongodina, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Lembani zomwe mukuona, zomwe mukulakalaka zisiyeni kaye mumtima. "Dzira la dinosaur" si kufotokoza. "Wobulungira, masentimita 12, wotuwa, uli mumzere wa mwala wamatope wofiira, mita imodzi kuchokera pansi pa chigwembe, ina 6 ili mumzere womwewo," kumeneko ndiye kufotokoza. Katswiri wa ku Geological Survey ku Zomba, wa ku nthambi ya boma yoona zakale, kapena wa ku nyumba yosungiramo zakale ku Karonga angathe kuyambirapo ntchito ngakhale asanauone mwalawo. Khomo loyamba ndi aphunzitsi anu a jogalafe kapena a bayoloje.

Wina wowerenga kwambiri andikumbutsa za Mary Anning wa ku Lyme Regis ku England, kuti iyetu miyala ankaiswa. Eya, ankaswa. M'zaka za m'ma 1820 ankapeza timiyala tachilendo, tobulungira motalika, tomwe anthu ankangotitcha bezoar osadziwa kuti n'chiyani. Iye anazindikira kuti timapezeka kawirikawiri cha pamimba pa mafupa a ichthyosaur, chinyama chakale cha m'nyanja. Ataswa tina anapezamo minga ndi mamba a nsomba. Mu 1829 William Buckland analengeza kuti ndi ndowe zosanduka mwala, n'kuzitcha coprolite. Ndowe, anzanga! Koma zinatsegula njira yodziwira zomwe nyama zakale zinkadya. Komabe onani dongosolo la mayiyu. Anayamba waona pomwe tagona, kambirimbiri, nyundo inabwera pambuyo, ndipo anali nato tambiri. Inu muli ndi umodzi wokha, nyundo yanu ndi mwala unzake, ndipo concretion nthawi zina amabisa chamoyo chenicheni pakati pake. Mukamenya molakwika mwachisandutsa ufa.

M'mwala wotere ndi momwe Francis Tully, munthu wamba wongokonda kutola miyala, anapezamo kanyama kachilendo ku Mazon Creek m'chigawo cha Illinois ku America m'zaka za m'ma 1950. Anakapereka kwa akatswiri a ku Field Museum ku Chicago, nawonso anagwira njakata. Mu 1966 anakatcha Tullimonstrum potengera dzina lake, koma mpaka lero akukanganabe ngati kanali m'gulu la nyama za msana, monga nsomba, kapena ayi. Zaka zoposa makumi asanu, makina amphamvu, zitsanzo zambirimbiri, mtsutso ukadalipo. Ndiye inu mukachokera kuchigwembe n'kulemba m'kope kuti "sunadziwike," palibe chochititsa manyazi pamenepo. Ine manyazi ndingawaone kwa yemwe wauza kalasi yonse kuti ndi dzira asanayang'ane ngati pali chigoba, kapena wapereka fupa kwa munthu wodutsa pamtengo wa mayunitsi a sabata imodzi, fupalo n'kukathera pashelefu ya munthu kunja popanda ndi kapepala komwe.

Mwala wamba wogona pawokha m'mphepete mwa mtsinje, womwe madzi auchotsa kale kwawo, mukhoza kuutola kuti mukauyese kusukulu, ndipo ndikanakonda sukulu iliyonse ikanakhala ndi kabokosi ka miyala ya m'dera lake. Koma usalowe m'thumba wopanda pepala. Mwala uliwonse jumbo lake, pepala lake: tsiku, malo, dzina lanu, ndi nambala yogwirizana ndi tsamba la m'kope lomwe mwajambulapo. Musautsuke ndi sopo kapena kuupaka mafuta kuti uwale, chifukwa dothi lomwe lamatirirapo lingathandize kuulondola kumzere womwe unachokera. Ndipo pepalalo lembani ndi pensulo. Inki ikakumana ndi chinyezi cha m'jumbo imayenderera, pofika Lolemba simuwerenganso kanthu.